Batire Ulisunge Pachifuwa, Tiwonge

Uliwa, Lachinayi masana

Mwana wanga Tiwonge,

Ndikulemba ndili pakhonde dzuwa lili paliwombo, chifukwa kukangoyamba kuda mizere ya pepala sindiionanso. Zilembo zakula ngati za mwana wa sitandade wani, usaseke. Ndalemba m'Chichewa poti ndi chimene anatiphunzitsa kulemba kusukulu, komanso ndikalemba Chitumbuka chathu umandikonza ngati ndiwe unandibala. Iwe uli m'nyumbamo ndi ankhazi ako, alongo anga aja, mukulimbana ndi zipi ya sutikesi, ndikukumvani. Kalatayi ndiika m'chikwama cha kamera, pansi pa tchaja, kuti ukaipeze utafika kale kutali, koti sungauze dalaivala kuti imani nditsike.

Ndiyambe ndi bodza langa. Mwezi watha nditabwera kuchokera kwa dokotala wa maso ku Mzuzu ndinakuuza kuti mankhwala odontheza aja akuthandiza. Ndinanama. Si ng'ala yoti akachotsa munthu n'kuonanso ayi. Diso lakumanzere linapita kale, izo umadziwa. Lakumanja nalo likutsekeka kuyambira m'mbali, moti tsopano ndimaona ngati ndikusuzumira m'paipi. Ndinawafunsa kuti, "Adokotala, mwana wanga akupita ku Ulaya kusukulu zaka ziwiri. Akadzabwera ndidzamuona?" Iwo anayamba kusanja mapepala a patebulo. Ine ndajambula anthu moyo wanga wonse, nkhope ya munthu wosafuna kuyankha ndimaidziwa. Ndinakubisira chifukwa ndimakudziwa iwe. Ukanakana sukuluyo n'kukhala pano kumanditsogolera kubafa. Usabwerere, Tiwonge. Wamva? Ukabwerera undipweteka kuposa masowa.

Chimene ndikufuna kwa iwe ndi chimodzi, nkhope yako pachithunzi, mwezi ndi mwezi, pamene kapaipi kangaka sikanatsekeke. N'chifukwa chake ndakupatsa kamera yanga, imene sindinabwerekepo ngakhale abusa. Ndikudziwa unena kuti, "Adada, foni ilipo." Foni yakoyo chithunzi chake akachikulitsa papepala lalikulu chimamwazika, ndipo ine kachithunzi ka pafoni sindikaonanso. Za kamera iyi ankhazi ako azikapirinta ku Boma, zazikulu ngati kalendala, ine ndizizipenda pano pakhonde masana. Tsono kamera imeneyi isakafe. Ndipo kumene ukupita kuli chinthu chimene chimapha makamera mwakachetechete, chisanu. Iwe mwana wa Karonga, wobadwira m'thukuta, amene ukangofika ku Mzuzu umavala majuzi awiri n'kumalira kuti zala zauma! Chipale chofewa chija amati sinoo ine sindinachionepo, ndimangochiona pa kanema. Koma chisanu cha ku Khondowe, kumapiri kwao kwa malemu amama ako, chinandikwapula mokwanira. Tandimvera, ndikuuze mmene ndinapusira.

Chaka chimene ndinasiya filimu n'kugula kamera yanga yoyamba ya memori, ananditana kukajambula ukwati ku Khondowe mwezi wa Julaye. Batire ndinalitchaja kuno mpaka kudzaza. Tinakwera lole m'mamawa, tikukhotakhota pa msewu wa Gorodi, mphepo ikuluma makutu. Mmalo moika kamera m'chikwama, ine ndinaipachika pakhosi pamwamba pa jekete, kuti aliyense m'lolemo aone kuti wojambula wamakono wakwera. Matama! Titafika ndinajambula zithunzi zowerengeka chabe panja pa tchalitchi, kachizindikiro ka batire kanayamba kufiira. Mkwatibwi akungoponda pakhomo, kamera inati thi, kuzima. Ndinaigwedeza, ndinaimenya pachikhatho, ndinatulutsa batire n'kulipukuta pa thalauza ngati momwe timachitira ndi a wailesi. Ayi ndithu. Amalume a mkwati anandiyandikira n'kundinong'oneza kuti, "Adada a zithunzi, kodi mwabwera kudzadya mpunga chabe?" Manyazi a tsiku limenelo sindinawaiwale mpaka lero. Pobwerera ndinkatukwana wogulitsa makamera njira yonse. Titatsika pa Chitimba, pofunda, ndinati ndiiyatse komaliza ndisanaiponye m'nyanja. Inayaka, batire lodzaza ndithu. Silinathe ayi, linangokomoka ndi chisanu.

Ulendo wotsatira amama ako ndiwo anandithetsera vutoli. Tili m'lole anati, "Bweretsani kuno kabatire kanuko. Inu simungakafunditse, thupi lanu ndi nkhuni zokhazokha." Anakamanga m'kampango n'kukalowetsa m'bulauzi, pamene amayi amasunga foni. Tsiku lonse ndinajambula mpaka madzulo. Tsono iwe chita chimodzimodzi. Ndakuikira mabatire awiri. Lina likhale m'kamera, lina pachifuwa, m'kati mwa zovala zonse, pomwe pali thupi. Loyamba likafiira usalitaye ndipo usaganize kuti laonongeka. Litulutse, uike lofunda, lozizira ulibweze pachifuwa, lidzatsitsimuka. Kamera nayo iyende m'kati mwa chikwama, uitulutse pofuna kujambula basi. Koma chonde, usachite zathu za kuno zoyanika mabatire padzuwa kapena pafupi ndi mbaula kuti adzuke. Ndamva kuti m'nyumba za kumeneko muli zitsulo zotenthetsa m'zipinda. Batire usaliike pamenepo, lingatupe n'kuphulika. Kutentha kwa thupi lako n'kokwanira.

Kulakwa kwina kunandichitikira pafupi pompano, ku Mlare, kopanda ngakhale chisanu. Amayi a kwaya anafuna chithunzi cha gulu. Onse anavala zoyera kuyambira duku mpaka nsapato, ndipo ine wanzerune ndinawaimika kutsogolo kwa khoma la tchalitchi limene anali atangolipaka laimu. Ndinati chituluka chaukhondo. Chitatuluka, mayo ine! Madiresi anachita kutuwa ngati phulusa, nkhope zonse bii, kumangooneka mano ndi maso. Amayi apampando anachiyang'ana, anachitembenuza, anati, "Uyu ndine, kapena ndi chitsa chavala duku?" Gulu lonse linaseka mpaka misozi, ine ndikutuluka thukuta. Pambuyo pake ndinamvetsa. Kamera ikaona zoyera zambiri imaganiza kuti kwawala mopitirira, ndiye imadzichepetsera kuwala yokha. Zoyerazo zimatuwa, ndipo khungu lathu lakudali limamira.

Tsono taganiza, Tiwonge. Kumeneko akuti pansi pamayera, madenga amayera, mitengo imayera. Iwe n'kuima pakati ndi khungu la amama ako lija. Kamera idzakumeza. Ine ndi diso langa limodzi lotsalali ndidzalandira pepala loyera lokhala ndi kadontho kakuda pakati, n'kumafunsa ankhazi ako kuti mwana ali pati. Zimenezo zikundisowetsa mtendere kuposa zonse. Pamwamba pa kamera pali kabatani kolembedwa pulasi ndi mainasi. Ndakadonthezera kyutekisi wako wofiira wa zikhadabo kuti usakasokoneze, ndipo ngati unapeza botolo lako losatseka bwino dzana, wolakwa ndine. Ukaima pa zoyera, dina kabataniko, upititse ku pulasi wani. Jambula, uyang'ane pa kagalasi ka kumbuyo. Usayang'ane ngati sinoo yaoneka bwino, za sinoo ine ndilibe nazo ntchito. Yang'ana nkhope. Ngati mphuno ndi masaya sizikuoneka, onjezeranso pang'ono, kapena yatsa fulashi ngakhale kuli masana. Fulashi imadya batire, n'chifukwa chake lina lija likhale pachifuwa.

Tsopano ndifike pa nkhani imene sindinakuuzepo bwinobwino. Ndaima kaye, ndamwa madzi, ndabwerera. Unali Fomu 2, uli kusukulu yogonera, pamene ndinaperekeza amama ako ku Khondowe komaliza. Unali mwezi wa Juni. Anali atayamba kale kuwonda, koma anaumirira kuti akufuna akaone abale awo. M'mawa wina ndinatuluka ndi kamera kukajambula nkhungu itaphimba chigwa. Ndinakhala panja nthawi yaitali, kamera inazizira ngati mwala wa mumtsinje. Pobwerera ndinamva kuseka m'khitchini. Amama ako anali mmenemo ndi azichemwali awo atatu, chitseko chotseka, moto ukuyaka, mbatata zikuwira, ndowa ya madzi osamba ikutulutsa nthunzi. Anali atakhala pakampando atafunda bulangeti, akuseka mpaka kugwira m'mimba, kuseka kumene ndinali ndisanakumve miyezi yambiri. Atandiona anati, "Adada a Tiwonge, lowani mutijambule tonse anayi, lero takwana."

Ndinalowa nayo kamera ija momwemo, kuchoka pachisanu kulowa m'nthunzi. Galasi la kutsogolo linachita mame nthawi yomweyo. Ndinalipukuta ndi malaya, mame anabwerera. Ndinaliuzira mpweya wa pakamwa, ndinangoonjezera. Ndiye ndinachita chopusa chachikulu, ndinaiyandikiza kumoto kuti iume msanga. Madzi anachita m'kati mwenimweni mwa galasi, mosafika chala. Ndinajambula chimodzi chokha, chinatuluka nkhungu yokhayokha ndi mithunzi inayi. Pofuna kujambula chachiwiri kamera inazima. Amama ako anati, "Zisiyeni, musakwiye, mudzatijambula mawa." Ine ndinati inde, mawa. Mawa lakelo sanathe kudzuka pamphasa. Tinatsika nawo Gorodi atagona pamiyendo yanga kumka kuchipatala, ndipo kumapiri kuja sanabwererenso ndi mapazi awo. Ine amene ndajambula maukwati a anthu osawadziwa, ana a eni, mitembo ya eni, ndinalephera chithunzi chimodzi cha mkazi wanga akuseka. Chimandiwawa mpaka lero, mwana wanga. Chithunzi cha nkhungucho ndachikopera pa memori yako. Wachiwiri kuchokera kumanzere, mthunzi wofunda bulangetiwo, ndi amama ako.

Wokonza makamera ku Mzuzu ndiye anandiuza chimene ndikanachita, ndipo n'chinthu chochepa moti ndinafuna kulira pa kauntala pake. Jumbo. Jumbo wamba wapulasitiki. Anati, "Akulu, botolo la fanta wozizira mukalitulutsa m'filiji limachita thukuta eti? Kamera nayo n'chimodzimodzi, koma iyo imachita thukuta ndi m'kati momwe." Tsono mvetsetsa, pakuti kumeneko udzachita zimenezi tsiku lililonse, panja chisanu, m'nyumba kutentha. Usanalowe m'nyumba, ukadali panja, kuntha sinoo yonse pa kamera. Uiike m'jumbo, utulutse mpweya, umange pakamwa zolimba. Ndiye ulowe. Uisiye pafupi ndi chitseko, kutali ndi zotenthetsa zija, ola limodzi kapena awiri, mpaka ukaikhudza usamve kuzizira. Madzi adzachita pa jumbo, kamera idzakhala youma. Ndakuikira majumbo atatu, ndawapopa ndi pakamwa onse, palibe wobooka. Ankhazi ako anafuna kuikamo usipa, ndinawakalipira.

Ndikudziwa kupupuluma kwako, unatengera ine. Udzafuna kutsegula jumbo msanga kuti unditumizire chithunzi. Ngati ndi choncho, tulutsa memori ukadali panja, uiike m'thumba, kamera isiye igone m'jumbo mwake. Ndipo tsiku lina ukaiwala n'kuona mame pagalasi, usaiyatse. Ndikubwereza, usaiyatse. Chotsa batire, chotsa memori, usiye timakomo take totsegula pamalo ouma mpaka mawa. Usauzire galasi ndi pakamwa uli panja, akuti kumeneko mpweya umaundana pomwepo. Usapukute ndi chitenje kapena juzi, kansalu kachikasu kali m'kathumba ka m'mbali. Usalowe nayo m'khitchini, usalowe nayo m'bafa. Ndipo munthu akakuuza kuti tijambule lero takwana, usadzanene kuti mawa. Jambula ngakhale ndi foni, ngakhale chituluke chopindika.

Zala zako nazo. Chitsulo chozizira akuti chimamata pakhungu, ndipo dzanja likauma chinthu chimagwa osamva n'komwe. Magolovesi aja tinagula pa kaunjika ku Boma ndi awiriawiri dala, opyapyala m'kati, okhuthala kunja. Pojambula vula okhuthala okha. Lamba wa kamera akhale pakhosi nthawi zonse. Chipewa uvale, usaope kuti tsitsi liphwanyika, ndani akukuona? Ukayamba kutsokomola upite kuchipatala tsiku lomwelo, usamati ndi chimfine chabe monga ankanenera amama ako. Ndikuopa, Tiwonge. Ndikuopa ndege, ndikuopa chisanu, ndikuopa kuti udzakhala wekha m'chipinda osauza munthu kuti wasowa kwanu. Ndikalemba zonse zimene ndikuopa pepala litha.

Kulakwa komaliza ndi kwa ife tonse ojambula, ndipo iwe ndinakupatsira ngati chimfine. Sabata yatha ndinakhuthula katoni ya zithunzi kufuna chimodzi choti upite nacho, choti tili atatu, ine, iwe ndi amama ako. Ndinasanthula tsiku lonse ndi galasi lokuzira zinthu. Palibe. Iwe ulipo wakhanda, ulipo ndi yunifomu, amama ako alipo pa ubatizo wako. Ine mulibe, ndinali kuseri kwa kamera ndikukuwa kuti sekani. Ndinkakana kupatsa munthu kamera yanga, ndinkati aigwetsa, adula mitu. Iwenso chiyambire kundithandiza m'maukwati wakhala chimodzimodzi. Munthu akakulozetsa kamera umabisala kumbuyo kwa mnzako. Ulendo wako wa ku Lilongwe uja unabwera ndi zithunzi za misewu, nyumba zosanja ndi maluwa a pa raundabauti, iwe osaoneka ngakhale chala.

Kumeneko usachite zimenezo, ndakugwira mwendo. Nyumba zazitali usanditumizire, sindinabale nyumba. Konza kabatani kofiira, upatse munthu kamera, mnzako wa m'kalasi, mayi wodutsa, aliyense wooneka kuti sathawa nayo. Safunsa anadya phula. Umukoleke lamba pakhosi ndi manja ako. Umuuze ayandikire, ayandikirenso, mpaka nkhope yako idzaze chithunzi chonse kuyambira chipewa mpaka chibwano. Mpango wa m'khosi uutsitse ndione pakamwa. Ngati wanenepa ndione, ngati waonda ndione, usandisankhire zabwino zokhazokha. Bodza la m'banja lino ndalimaliza ine pamwambapa, lisapitirire.

Tsiku lina ankhazi ako adzakuuza kuti adada sakuonanso. Sindikudziwa ngati ndi chaka chino kapena cha mawa, Chiuta ndiye akudziwa. Tsiku limenelo usalongedze katundu. Umalize sukulu. Zithunzi upitirize kutumiza, ankhazi ako ali ndi pakamwa, azidzandifotokozera, ndipo podziwa iwo adzaonjezera ndi zawo. Koma zimene ndidzaone ndi diso langa miyezi ikubwerayi ndizo ndidzakhale nazo m'mutu mpaka kumanda. N'chifukwa chake ndakudzazira mapepala onsewa ndi nkhani ya mabatire ndi majumbo ngati munthu wopenga. Batire pachifuwa. Kabatani kofiira ukaima pa zoyera. Jumbo usanalowe m'nyumba. Ukaiwala zonse, jumbo usaiwale.

Zipi ija yatseka, ndamva ankhazi ako akuimba nthungululu. Akundiitana kuti ndidzayese kunyamula sutikesi, ndiye ndilekeze apa.

Mawa pa siteji, minibasi isananyamuke, ndichita chinthu chimene sindinachitepo. Ndivula kamera pakhosi panga, ndipatsa munthu wina aliyense amene ali pafupi, kaya wogulitsa nthochi, kuti atijambule awiri. Udabwa, mwinanso undiseka, koma pamene ukuwerenga kalatayi wadziwa chifukwa chake. Chithunzicho chili pa memori, chotsatira cha amama ako. Chimenecho usanditumizire, ndi chako. Ukachiona upeza kuti bambo ako, amene akhala akukalipira anthu zaka zonsezi kuti yang'anani kuno, sanayang'ane kamera. Usachifufute poganiza kuti chalakwika. Ndimayang'ana iwe, ndipo tsiku limenelo ndimakuona bwinobwino.

Wende makora, mwana wane.

Ndine adada ako